Za Madzi Amene Sitiwatchula Pabwalo

Pali nkhani zina zimene munthu woleredwa bwino sazitchula pabwalo, ndipo ine amene ndidakulira m'manja mwa agogo odziwa mwambo, m'dziko lino la mapiri ndi chisanu la Angónia, kumene mwana amaphunzira kugwada asanaphunzire kuwerenga, ndikudziwa bwino lomwe kuti nkhani ya mkodzo ili m'gulu la zoterozo. Pakuti ngakhale liwu lenilenilo timalizemba, n'kumati uje wapita kukataya madzi, kapena wazungulira kuseri, ngati kuti kulitchula kokhako kungadetse pakamwa. Chifukwa chake ndiyambe ndi kupepesa kwa akuluakulu onse amene adzawerenga mawu awa, makamaka apongozi ndi azimayi anga, kuti lero ndivula chipewa n'kulankhula mokweza zimene zimayenera kunong'onezedwa. Koma ndatero nditapempha chilolezo kwa mwini nkhaniyi, amene ali mlongo wanga wa bere limodzi, ndiponso nditaona ndi maso angawa kuti makolo sadaname pamene adati mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Mlongo wangayu adabadwira kutsidya, m'boma la Dedza, m'zaka zija nkhondo itatisamutsa tonse kuchoka kuno ku Lifidzi n'kutisandutsa alendo pakati pa abale athu omwe, ndipo tidabwerera naye kumudzi ali kamtsikana, mtendere wa 1992 utakhazikika. Adakula wamphamvu, wosadziwa khomo la chipatala, wotha kusenza dengu la mbatatesi kuchokera kudimba mpaka kumsewu osatula. Adaphunzira, nakhala mphunzitsi, nakwatiwa, nabala ana. Atangokwanitsa zaka 30, tsiku lina adadzuka diso limodzi likupweteka akalitembenuza, likuona ngati m'nkhungu ya mwezi wa June. Patapita masabata angapo nkhunguyo idakanganuka yokha, ife n'kumati zapita. Chaka chotsatira mwendo udachita dzanzi nulemera, kotero kuti poyenda ankaukoka ngati wobwereka. Nawonso udabwerera, ngakhale osati wonse. Matenda odza ndi kupita chomwechi, ngati mbala yodziwa njira ya m'nyumba, ndiwo amagawanitsa mudzi, chifukwa akaleka, sing'anga amati ndachiza ndine, wa mapemphero nayenso amati ndine, ndipo akabwerera, onse awiri amaloza chala nkhalamba ina yosauka ya kumapeto kwa mudzi. Sindibisa kuti ifenso tidayenda njira zimenezo, ndipo mbuzi zimene zidatuluka m'khola mwathu m'zaka zimenezo sindifuna n'kuziwerenga komwe.

Dzina la nthendayi tidalimva mochedwa. Pa Chingerezi amati multiple sclerosis, Apwitikizi amati esclerose múltipla, koma pa Chichewa ilibe dzina, ndipo nthenda yopanda dzina ili ngati mlendo wopanda chiwongo, amene palibe adziwa pomukhazika. Mitsempha imene imanyamula mawu kuchokera ku ubongo kutsikira m'kati mwa fupa la msana ndi yokutidwa ndi kachikopa ka mafuta kamene madokotala amati myelin, monga momwe waya wa magetsi amakutidwira ndi pulasitiki. Tsono mwa munthu wogwidwa ndi nthendayi, asilikali a m'thupi, amene ntchito yawo ndi kuthamangitsa tizilombo, amasokonezeka n'kuyamba kukukuta chokutiracho apa ndi apo, nasiya zipsera, kotero kuti mawu ochokera ku ubongo amafika mochedwa, kapena amafika opotoka, kapena safika konse. Amene adaifotokoza momveka ndi dokotala wa ku Paris, Jean-Martin Charcot, mu 1868. Ndipo pamene bungwe la MS International Federation lidawerenga odwala mu 2020, lidapeza anthu pafupifupi 2.8 miliyoni pa dziko lonse, akazi akuchuluka kuwirikiza kawiri kuposa amuna, ambiri itawayamba ali pakati pa zaka 20 ndi 40, ndiko kunena kuti pa msinkhu weniweni wa kulera ndi kulima. Munthu saitenga podyera mbale imodzi kapena pofunda chofunda chimodzi ndi wodwala.

Kwa nthawi yaitali mabuku a zachipatala ankaiyesa nthenda ya Azungu a kumaiko ozizira, ndipo dokotala Geoffrey Dean, amene adaifufuza ku South Africa m'zaka za m'ma 1960, adaipeza yochuluka mwa Azungu obwera kuchokera ku Ulaya kuposa mwa Azungu obadwira komweko, pamene mwa anthu akuda inali yosowa zedi. Sindikutsutsa kuti pakati pathu ndi yosowa. Koma poti zipsera zakezo zimaoneka ndi makina a MRI, ndipo wowerenga zithunzi zake ayenera kukhala katswiri wa ubongo ndi mitsempha, ine ndimati mlenje wopita kutchire wopanda galu akabwera chimanjamanja, tisafulumire kulengeza kuti nyama zidatha.

Komatu za diso ndi za mwendo ndizo zimene tonse tinkaziona ndi kuzikamba, ndipo ine monga mwini mbumba ndinkayesa kuti ndikudziwa mavuto onse a mlongo wanga. Chimene sindinkadziwa n'chakuti kwa zaka zitatu zathunthu mtolo wolemera koposa unali wina, umene sakadaunena kwa mlongo wake wamwamuna ngakhale atamuika mpeni pakhosi. Tidangoona kuti waleka kupita ku Misa, iye amene ankaimba m'kwaya; kuti kumaliro amangofika n'kupepesa ataima, osagona pasiwa ndi amayi anzake, mpaka ena adayamba kunena kuti sukulu yampatsa matama; kuti tiyi wam'mawa amamukana, ndipo madzi amangonyowetsa milomo. Nditamufunsa, adayang'ana pansi nati, "Achimwene, nkhani zina si za amuna." Adaulula kwa azakhali athu, azakhali adauza mkazi wanga, mkazi wanga adandiuza usiku nyali itazimitsidwa: kuti madzi amamupulumuka asanafike kuchimbudzi, kuti usiku amadzuka kasanu kapena kasanu ndi kamodzi m'chisanu chathuchi, kuti nthawi zina akafikako satuluka koma madontho, ndipo kuti m'kalasi amaima pamaso pa ana atavala nsanza m'kati ngati khanda, mtima uli m'mwamba kuopa kuti wina amva fungo. Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko; koma nanga ngati chitsekocho tachipiringidza tokha ndi mwambo, wamva m'mimbayo atulukira pati?

Ndiyenera kufotokoza pang'ono za magwiridwe a chikhodzodzo, chifukwa popanda zimenezi kuyeza kumene ndikufuna kunena kudzaoneka ngati kuzunza munthu pachabe. Ife a ku Angónia timadziwa ngolo, ndiye tiyerekeze ng'ombe ziwiri pa goli limodzi. Ina ndi mnofu wa thumba lenilenilo, umene umafinya. Inzake ndi mnofu wozungulira ngati mphete, umene umatseka pakhomo. Pamene thumba likudzala, wofinya uja amagona phee, wotseka uja ali chigwirire. Nthawi yake ikakwana, ndipo munthu wapeza malo oyenera, woyendetsa ngolo, amene amakhala m'tsinde mwa ubongo, amafuula kamodzi, wotseka namasuka, wofinya nafinya, zonse pa nthawi imodzi. Koma mawu a woyendetsayo amayenda ulendo wautali, kuchokera kumutu mpaka kumunsi kwenikweni kwa msana, ndipo chipsera chimodzi panjirapo n'chokwanira kuwasokoneza. N'chifukwa chake ambiri mwa odwala multiple sclerosis, ena amati kufikira asanu ndi atatu mwa khumi aliwonse, amakumana ndi vuto la chikhodzodzo tsiku lina. Ng'ombe yosamva mawu a mbuye wake imachita chimodzi mwa ziwiri: kapena wofinya uja amadzidzimuka n'kuthamanga osauzidwa, thumba lisanadzale n'komwe, madzi n'kupulumuka, kapena wofinya akukoka, wotseka waponda ziboda pansi osasuntha, madzi n'kutuluka pang'ono, ambiri n'kutsalira m'kati. Kwa wodwala zonse ziwiri zimamveka chimodzimodzi, kuthamangira kuchimbudzi kosalekeza. Koma mankhwala ake ndi otsutsana, pakuti mapiritsi ogoneka wofinya uja, monga oxybutynin, akaperekedwa kwa munthu amene madzi amamutsalira kale, amangoonjezera kutsalirako, ndipo madzi ogonera m'thupi, monga madzi ogonera m'chithaphwi, ndiwo mudzi wa tizilombo. Apa ndipo pagona chifukwa chonse choyezera: dokotala sangadziwe ndi maso kapena ndi makutu kuti yalakwa ndi ng'ombe iti.

Mng'ono wathu amene amagwira ntchito ku Johannesburg ndiye adasonkha ndalama nati abwere, ndipo ulendo umenewo pawokha udali mayeso. Aliyense amene adakwerapo basi yotsika m'mapiri muno kulowera ku Tete, kuwoloka Zambezi, kudutsa Nyamapanda ndi Harare mpaka pa mizere yaitali ya Beitbridge, aganize kuti ulendo womwewo ungakhale wotani kwa mayi amene chikhodzodzo chake sichidikira ngakhale mphindi zisanu, ndipo woyendetsa basi amaima pamene wafunira yekha. Adachita chimene ambiri a vuto lotere amachita, ndiko kusamwa kanthu kuyambira dzulo lake, osadziwa kuti mkodzo wochepa ndi wokhathamira umapsereza chikhodzodzo n'kuchiutsa koposa. Pofika m'chigwa cha Tete, kumene dzuwa la mwezi wa October limawotcha ngati ng'anjo, mwendo udakaniratu ndipo diso lija lidachitanso nkhungu, mkazi wanga amene adamperekeza nayesa kuti akamtula ali mtembo. Tidadzamva pambuyo pake kuti kutentha kumafooketsa mitsempha yovulala kwa kanthawi chabe, chinthu chimene dokotala wa maso wa ku Germany, Wilhelm Uhthoff, adaona zizindikiro zake kale mu 1890, ndipo kuti thupi likazizira mphamvu zimabwerera. Chisanu cha ku Lifidzi, chimene timachidandaula chaka ndi chaka, kani kwa iye ndi mdalitso.

Ku chipatala chachikulu chimene adapitako sadathamangire makina. Adayamba ndi kumpatsa kabuku, kuti kwa masiku atatu alembe nthawi iliyonse imene wamwa kanthu ndi kuchuluka kwake, nthawi iliyonse imene wataya madzi ndi kuchuluka kwake poyeza m'kachibekete, ndiponso nthawi iliyonse imene zamupulumuka. Adayeza mkodzo napezamo tizilombo, nati amwe kaye mankhwala, chifukwa chikhodzodzo chotupa chimanama poyezedwa, ndiponso kulowetsa kapaipi m'menemo kukhoza kukweza tizilomboto. Tsiku lenilenilo la kuyeza kumene amati urodynamics adamuuza kuti afike chikhodzodzo chili chodzala, namukhazika pa mpando wa chimbudzi wokhala ndi fanulo pansi pake, wolumikizidwa ku kompyuta imene imalemba liwiro la madzi potuluka. Namwino adatuluka n'kutseka chitseko, ndipo ulemu waung'ono umenewo mlongo wanga amaukumbukira mpaka lero. Atatha, adamuyendetsa kamakina ka sikani m'munsi mwa mchombo kuti aone otsalira, ndipo ngakhale iye ankamva kuti watha, m'kati mudali mutatsala madzi odzaza pafupifupi theka la botolo la theka la lita.

Chotsatira ndicho chovuta kuchinena, koma ndichinena, chifukwa mantha a munthu amakula pa chinthu chimene sadauzidwe. Adamugoneka, namfunda nsalu, nalowetsa kapaipi kofewa, kochepa ngati phesi la udzu wofolerera nyumba, m'njira ya mkodzo kufikira m'chikhodzodzo, ndi kena kofanana nako m'njira ya kumbuyo. Ndipo kachiwirika kali ndi chifukwa chake, pakuti chikhodzodzo chimakhala m'mimba, ndipo munthu akatsokomola kapena kudzikakamiza mimba yonse imachipanikiza, tsono kompyuta imachotsera mphamvu ya mimbayo kuti itsale ya chikhodzodzo chokha. Adamata tizigamba ta mawaya pafupi ndi khomo kuti timve za mnofu wotseka uja, nayamba kudzaza chikhodzodzo pang'onopang'ono ndi madzi a mchere onga a m'diripi, namupempha kuti anene pamene wayamba kumva kanthu, pamene akadakhala kunyumba akadayamba kuganiza za kuseri, ndi pamene sangathenso kupirira; apa ndi apo ankamuuza kuti atsokomole. Chikhodzodzo cha munthu wamkulu chimasunga mamililita 400 kapena 500 osadandaula. Koma chake, chisanafike ndi theka lomwe la pamenepo, mzere wa pa kompyuta umene unkayenda chogona udangoti njo ngati phiri la Dómuè, ndipo madzi adapulumuka pamaso pa anthu achilendo. Adalira misozi ya zaka zitatu. Namwino, mayi wachikulire, adamugwira phewa namuuza kuti asalire, pakuti chimene chachitikacho ndicho adamuitanira, ndipo chikadapanda kuchitika akadavutika pachabe. Potsiriza adamuuza kuti ataye madzi timapaipi tili momwemo, ndipo pamenepo padaoneka ng'ombe yachiwiri ija itaponda ziboda pansi, inzake ikukoka. Zonse zidatha ola lisanakwane. Kwa masiku awiri ankamva kuwotcha potaya madzi, ndipo adamlangiza kuti amwe madzi ambiri, nabwerere msanga akamva kutentha thupi.

Atabwera kumudzi, iye amene adakana kundiuza nkhaniyi ndiye adandiitana yekha, natulutsa pepala la mizere ija, nandilozera phirilo ndi chala. "Achimwene," adatero, "zaka zonsezi ndinkayesa kuti ndine wauve, kapena kuti Mulungu wandifulatira, kani ndi waya woduka." Ndidakumbukira mayi uja wa mu Uthenga Wabwino amene adataya magazi zaka khumi ndi ziwiri, nawononga chuma chake chonse kwa asing'anga, amene manyazi adamdzeretsa kumbuyo kwa khamu kuti akhudze chovala mobisa, koma sadaloledwe kuchoka mpaka atanena zonse poyera, ndipo ndidazindikira kuti theka la machiritso a mlongo wanga lidali pa pepalalo, mankhwala asanayambe n'komwe.

Tsono wina angayese kuti cholinga cha kalata yanga ndi kupempha boma kuti ligule makina otere a chipatala chilichonse. Iyayi. Ndikadakondwa kuwaona ku chipatala chachikulu cha ku Tete, kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene kwa ife a kumalire kuli pafupi kuposa likulu la chigawo chathu. Koma chimene chidandiwawa mtima, nditafunsitsa ndi kuwerenga, n'chakuti mbali yaikulu ya nzeru imene tidakaitenga ku Johannesburg ikadapezeka pakhomo pompano. Mu 2009 akatswiri a ku Britain, motsogozedwa ndi Pulofesa Clare Fowler wa chipatala cha mitsempha cha ku Queen Square mu London, adagwirizana kuti odwala multiple sclerosis ambiri safunika makina aakuluwo poyamba; chofunika ndi kuyeza mkodzo ngati muli tizilombo, kenaka kuyeza madzi otsalira munthu akatha kutaya, ndipo ngati otsalirawo apitirira mamililita 100, aphunzitsidwe kudzichotsa yekha ndi kapaipi asanapatsidwe mapiritsi ogoneka chikhodzodzo; makinawo asungidwire amene njira izi zawakanika. Madokotala a maiko ena amatsutsa, nati makina azibwera msanga, ndipo kwa munthu wothyoka msana kapena mwana wobadwa ndi msana wotseguka, amene impso zake zili pangozi yaikulu kuposa za wodwala multiple sclerosis, ndiyesa akunena zoona. Koma taonani zimene zikufunika pa sitepe zoyambazo: kabuku ka ana a sukulu, botolo lolembedwa mizere, kapepala koviika mu mkodzo, ndi sikani yomwe ija imene amayezera amayi oyembekezera, kapena, pamene palibe, kapaipi kamodzi kolowetsa ndi kutulutsa nthawi yomweyo, kamene anamwino athu amakadziwa bwino ndi dzina la Chipwitikizi lakuti algália. Palibe chimodzi mwa izi chimene chingalephereke ku Ulongwe kwathu kuno, ngakhale pa chipatala chaching'ono cha kumudzi. Chimene chidasowa m'zipatala zonse zimene tidayendamo, mbali ino ndi mbali inayo ya malire, ndi funso limodzi lokha, lakuti, kodi amayi, madzi mukutaya bwino? Palibe adafunsa, ndipo iye sadanene; manyazi adali mbali zonse ziwiri za tebulo.

Za kudzichotsa madzi ndi kapaipi ndidziwa kuti ambiri anyansidwa nazo pongomva, monga ndidachitira ine. Koma mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo mbiri yake ndi yoyenera kuimva. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, asilikali ovulala msana ambiri ankafa m'masabata kapena miyezi yochepa, osati ndi chipolopolo, koma ndi tizilombo ta m'chikhodzodzo ndi m'impso ndiponso zilonda za pogona. Ludwig Guttmann, amene adatsegula chipinda cha ovulala msana ku Stoke Mandeville ku England mu 1944, adaonetsa kuti kulowetsa kapaipi, kuchotsa madzi, ndi kukatulutsanso, kangapo pa tsiku, kumapulumutsa moyo kuposa kukasiya m'kati masabata. Koma njira yake inkafuna dokotala, magolovesi ndi zida zophikidwa. Mu 1972 Jack Lapides wa ku yunivesite ya Michigan ku America adabwera ndi mawu amene anzake ambiri adayamba awakayikira: kuti chimene chimadwalitsa kwambiri ndi chikhodzodzo chodzala mopitirira muyeso, ndipo kuti wodwala mwini, atasamba m'manja ndi sopo, ndi kapaipi koyera chabe, akhoza kudzichotsa yekha kanayi kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku, ali kunyumba kwake. Nzeru imeneyi ikadakhala kuti idapangidwira anthu osauka a kumudzi, sikadatiyenera koposa mmene ikutiyenera. Ifuna madzi, sopo, malo obisika, ndi namwino woleza mtima wophunzitsa kamodzi kapena kawiri, pakuti si chinthu choti munthu ayese yekha atangomva kwa mnzake, ndipo kandimverere adakanena za m'maluwa. Mlongo wanga adaphunzira tsiku limodzi, kagalasi kali m'manja. Patatha sabata galasilo sankalifunanso.

Ndikumva kale mawu a wonditsutsa, ndipo sindiwapeputsa. Adzati: m'dziko limene malungo akutenga ana, limene chifuwa chachikulu ndi HIV sizidathe, limene amayi akuferabe pobereka, inu mukutitayitsa nthawi ndi nthenda imene mwina m'boma lonse la Angónia ili ndi anthu owerengeka pa zala? Akadakhala kuti ng'ombe ziwiri zija zimasokonezeka ndi multiple sclerosis yokha, ndikadakhala chete. Koma msana ndi umodzi, ndipo adani ake ndi ambiri. Pali anyamata athu amene akugwa tsiku ndi tsiku pa njinga zamoto zonyamula anthu, ndi amene ngolo idawagudubuzira. Pali chifuwa chachikulu chimene chimadya mafupa a msana mpaka munthu kupindika. Pali HIV yomwe, imene imafika mu mtsempha wa msana. Pali likodzo, limene mazira ake nthawi zina amasochera n'kukakhala mu msana momwemo. Pali akufa ziwalo ndi sitiroko, odwala shuga kwa zaka zambiri, ndi madoda amene kachiwalo kotchedwa prostate kawatsekera njira. Ambiri mwa amenewa madzi amawatsalira kapena kuwapulumuka, ndipo amenewa athandizidwa ndi funso lomwelo, botolo lomwelo ndi kapaipi komweko. Muwerenge m'mudzi mwanu anthu amene adangoleka kuoneka pabwalo, amene agona kuseri kwa nyumba pa mphasa yonyowa, ana akuwazemba chifukwa cha fungo, ndipo mundiuze ngati ali owerengeka pa zala. Chodabwitsa n'chakuti mnyamata akamakodza magazi a likodzo timakamba mosabisa, ena mpaka kumaseka kuti wakula. Koma mayi wa ana kapena bambo wa ndevu akanyowetsa chovala, mudzi wonse umagwirizana kukhala chete, ndipo kukhala chete kumeneko timakutcha ulemu.

Sikuti khoma limeneli la kukhala chete silingagwe, chifukwa tidaliona likugwa pa nkhani ina yofanana nayo. Amayi ovulala pobereka, amene madzi amangotuluka osaleka chifukwa cha fistula, kale ankathamangitsidwa pa ukwati ndi kumangiridwa kanyumba kwaokha. Koma madokotala onga Bambo Aldo Marchesini, wansembe amene adasoka amayi ambirimbiri ku Quelimane, ndi malo ochizira fistula a pa Bwaila ku Lilongwe, pamodzi ndi mawailesi amene adalimba mtima kulitchula dzinalo, adachititsa kuti lero mayi wa kumudzi adziwe kuti vuto lake lili ndi dzina ndiponso lili ndi khomo lokagogoda. Chimene chidatheka pa chikhodzodzo chong'ambika chitheke pa chikhodzodzo chosamva mawu. Anamwino aphunzitsidwe kuti aliyense wobwera ndi miyendo yofooka kapena msana wovulala afunsidwe za madzi, mayi afunsidwe ndi mayi mnzake, chitseko chili chotseka. Timapaipi todzichotsera madzi tikhale pa mndandanda wa katundu wa chipatala monga amakhalira majekeseni. Ndipo poti mu 2023 bungwe la World Health Organization lidaika mankhwala atatu a multiple sclerosis, cladribine, glatiramer acetate ndi rituximab, pa mndandanda wake wa mankhwala ofunika, a unduna wa zaumoyo ku Maputo ndi ku Lilongwe asatiuzenso kuti imeneyo ndi nthenda ya eni ake. Kwa ife eni mudzi ntchito yathu ndi yochepa koma siyopepuka: atsogoleri a miphakati ndi a mipingo aone ngati kuseri kwa tchalitchi kuli chimbudzi chokhala ndi chitseko ndi madzi, chimene munthu wokoka mwendo angafikeko msanga; anamkungwi, amene amadziwa kulankhula zobisika popanda kuchititsa manyazi, aonjezere nkhani iyi pa malangizo awo; ndipo ife amuna, eni mbumba, amene timanyadira kuti mlongo sapita kuchipatala osatiuza, tiphunzire kutuma azakhali kukafunsa zimene pakamwa pathu sipangafunse.

Sindinena kuti mlongo wanga adachira, pakuti nthendayi ilibe mankhwala oithetseratu, ndipo mwendo uja akuukokabe; mapiritsi amamuumitsa kukhosi, tiyi ndi Coca-Cola adachepetsa chifukwa zimautsa chikhodzodzo, ndipo kawiri chaka chathachi tizilombo tidabweranso, miyendo n'kulemera nthawi yomweyo mpaka atamwa mankhwala. Koma amamwa madzi ngati munthu, usiku amadzuka kamodzi, ndipo pa maliro a amalume athu mwezi wa July adagona pasiwa mpaka mbandakucha, atangotuluka kamodzi ndi kachikwama kake m'khwapa, amayi anzake osadziwa kanthu. M'kachikwamamo muli sopo, kabotolo ka madzi, ndi kachitini kamene kale kanali ka maswiti, mmene amasungiramo timapaipi atatitsuka ndi kutiumitsa pa nsalu yoyera. Timapaipito timachokera ku Johannesburg, m'katundu wa aliyense wa kwathu amene akubwera pa basi. Tatsala tiwiri, ndipo mng'ono wathu walonjeza kuti ena abwera nato pa Khrisimasi.